Kupalila Minda ya Otayika

Mande

Tayamba lelo. Ndilembe bwino chiyambi chake, kuti mipingo ina ikadzabwela kudzaphunzila kwa ife pasadzapezeke wina wonena kuti nzelu inali yake.

Abusa anatumiza uthenga kuchokela ku Nyimba: pa Sondo likubwelali afika kudzaona okha. Akapeza mabenchi ali mbee ngati ulendo watha, atseka nyumba yathu ya mapemphelo, atenga zikho za Mgonelo, ife tizikapemphela ku chalichi chachikulu kutsidya kwa mtsinje. Kutsidya, dzinja lino, kumene ngakhale ng'ombe imakana kuwoloka! Njelwa za nyumba imeneyi anaumba ndi malemu atate anga, ine ndikuwatungila madzi. Itsekedwe ine ndili mkulu wa mpingo, nkhope ndidzaiika kuti?

Anthu anatithela ndi a chalichi cha tenti. Chibwelele zipani zambili, machalichi naonso angoti mbwee ngati zovala za salaula pamsika. Awa anakhoma tenti pafupi ndi chigayo. Ali ndi jeneleta, kiyibodi ndi mbusa wa suti yonyezimila. Ife tili ndi ng'oma imodzi, ndi belu la chitsulo cha gudumu la thilakitala.

Nzelu yanga ndinailengeza mailo pa Sondo m'chalichi: aliyense amene analeka kubwela, tipita kukamupalilila munda wake, tikuimba. Osalipila. Osamudzudzula. Udzu ukachoka m'munda, mtima nao ufewa, munthu abwelela yekha. Anthu anaomba m'manja. Amai Njobvu, mtsogoleli wa azimai, anachita kuimba nthungululu.

Tayamba ndi a Daka, amene anatayika kalekale tenti isanabwele n'komwe. Tapita gulu labwino ndithu. A Daka atulutsa mpando, akhala pamthunzi, akuloza ndi ndodo. "Apo mwasiya chisoso, a mkulu." Ndabwelela, ndazula.

Pomaliza ndawafunsa za pa Sondo. Ati, "Tiona mmene kuchele." Munthu wosafuna sayankha choncho. Ameneyo ndamuwelengela kale kuti wabwela.

Akazi anga, amake Dailesi, sanapite nao. Ati munda wathu nao uli ndi udzu. Ndawauza kuti wathu ndi wa anthu opulumuka kale, ungathe kudikila.

Chiwili

Msana ukuwawa, koma ndi kuwawa kwa madalitso.

Lelo kwa a Sakala, amene anathawila ku tenti mwezi watha. Tafika tapeza mbiya pansi pa mtengo, yovundikila ndi tsamba la nthochi. Ndati aa, thobwa, mtima wa munthuyu wayamba kale kufewa. Ndanunkhiza. Si thobwa.

Ndawakokela pambali. A Sakala achita kudabwa ine. "Anthu agwile khasu m'munda mwanga, achoke kukhosi kuli gwaa? Mufuna mudzi wonse uzinena kuti Sakala anaitana dima wopanda mowa?" Ndawafotokozela kuti uyu si dima, ndi nchito ya Ambuye. Ati kwa iwo gulu la makasu ndi dima basi, kaya likuimba zakumwamba kaya zapansi. Mowawo achita kukapempha kwa alamu ao, sangaubweze. Takangana mpaka tagwilizana kuti mbiya ichoke pamaso pa mpingo. Ainyamula, aiika kuseli kwa chulu.

Zimene ndaona ndi maso anga:

amuna athu lelo akupita kuseli kwa chulu pafupipafupi, ati kukataya madzi;
dzuwa litafika pamutu nyimbo zayamba kukoma modabwitsa;
woimba besi akugwetsa misozi pa vesi iliyonse;
mizele yakumapeto yapalilidwa pamodzi ndi chimanga chomwe.

Amene sanapondeko kuchulu ndi a Zuze okha, oliza belu athu. Anabwela kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anzao pobwelela kwao iwo anatsala. Salankhulalankhula. Amangowelama, mzele wao uli see.

Kunyumba amake Dailesi andiikila madzi osamba. Ndili mkati mosamba, mawu akuchokela kuseli kwa bafa: "Atate ake Dailesi, chimanga chathu chayamba chikasu. Feteleza sitinamuone chitsekeleni depoti, ndiye kachakudya katsala m'nthakako mukugawilanso udzu?" Ndati pa Chinai ndilowamo, ndalonjeza.

Chitatu

Chitsitsimutso! M'mawa ndapeza amuna adzaza pabwalo la chalichi, makasu pamapewa. Nkhope zina sindinazionepo m'nyumba ya Mulungu, ngakhale pa malilo. Ndatseka maso, ndathokoza. Ndisanafike pa ameni wina wafunsa kuti mbiya ya lelo ili kwa yani.

Munda wa lelo ndi wa gogo wina wamasiye. Gogoyo alibe mbiya, alibe alamu. Anthu ayang'ana pansi pa mtengo, ayang'ana kuseli kwa chulu, wina wachita kukwela pachulu pomwe. Dzuwa lisanatenthe chitsitsimutso chabalalika, tatsala ife eni ake.

Pobwelela, amai Njobvu andiyandikila, mawu ali pansi. "A mkulu, ndifunsileko mnzanga wina. Kodi munthu ayenela kujomba masondo angati kuti awelengedwe wotayika?"

Funso lauzimu, ndayankhanso mwauzimu. Ndati Mulungu sawelenga masondo, amayang'ana mtima. Ngakhale munthu atatayika lelo lomwe, kwa ife ndi wotayika, tiyenela kumufunafuna.

Agwedeza mutu pang'onopang'ono. "Lelo lomwe," abweleza. Azimai ena amene anali m'mbuyo mwathu naonso abweleza. Ndakondwa kuona chiphunzitso chikulowa chotele.

Munda wathu ndaudutsa patali. Kwa patali ukuoneka wobiliwila bwino.

Chinai

M'mawa makasu achepa. Ndati mwina ndi misana.

Masana ndi nthawi ya msonkhano wa azimai. A Zuze aliza belu, alizanso. Amene afika ndi amake Dailesi okha, ndi nkhuku ya eni ake imene imakonda kuikila pansi pa guwa. Adikila, adikila, abwela kunyumba ndi nkhani.

Amai Njobvu atayika.

Ndati bodza. Amake Dailesi ati awaona ndi maso ao ku tenti. Sanalowe mkati ayi, aima kunja chakumsewu, pamene aliyense wopita kuchigayo amadutsa, akuomba m'manja mosatsata ndi nyimbo yomwe. Aliyense wodutsa akumuuza kuti, "Mukawauze a mkulu kuti mwandiona kuno."

Dzuwa lisanalowe uthenga wandipeza: munda wao ndi uja wa kudambo, ndipo makasu tibwele nao athu.

Ena amene atayika lelo:

mlembi wa mpingo, akazi ake ndi apongozi ake;
kwaya yonse kupatula woimba besi, amene akali chigonele kuchokela kwa a Sakala;
mphunzitsi wa Sande sukulu;
a dikoni, amene ati sanatayike kwenikweni, koma akumva chikhulupililo chikutelela, makamaka chakumunda wa nshawa.

Ndakhala pakhonde mutu uli m'manja. Pakamwa panga pomwe, mailo lomweli, pamaso pa mboni! Ndikanangoti chaka chathunthu chikanandivuta n'chiyani?

Amake Dailesi andikumbutsa kuti lelo ndi pa Chinai. Ndati ndikudziwa masiku. Ati iwonso akudziwa njila ya ku tenti.

Chisanu

Otayika achuluka kuposa ofunafuna. Pabwalo tapezeka ine, a Zuze, ndi agogo awili ovutika kumva amene nkhani inali isanawafike. Pofika masana wina wawakuwila kukhutu, naonso atayika.

Tapita kudambo kwa amai Njobvu. Mtima sunafune, koma lamulo ndinalengeza ndine, ndipo ndikawasiya ameneŵa azimai onse andithela. Udzu wa kudambo si udzu, ndi chilango. Amaiwo ayala chitenje pamthunzi, atambalala. Ife tikuimba aŵiliŵili mawu ali sasa, iwo ali, "Mwatsitsa kwambili pamenepo, yambilaninso." Kenako atithandiza ndi mawu achiŵili, ali khale. Wotayika wanji wodziwa mavesi onse?

Potipatsa thobwa ati, "Limbikani, a mkulu. Ndikumva mtima wayamba kufewako chakumanzeleku."

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, wadutsa mbusa wa tenti panjinga, suti ili ng'aning'ani. Watsika, wandigwila chanza ndi manja aŵili. Ati chiyambile pa Chinai tenti yake sikukwana, anthu akuima mpaka kumsewu, Mulungu adalitse utumiki wathu. Ndiye wati anthu ake ambili anali athu kale, mwa lamulo lathu ngotayika, kodi minda yao tingaifike liti? Ndayang'ana khasu langa, ndayang'ana mutu wake, ndapempha chikhululukilo chamumtima.

Madzulo ndadutsa pafupi ndi munda wathu. Chimanga sichikuoneka. Chikuoneka ndi duku ya amake Dailesi, ikumila m'udzu, ikutuluka, ikumilanso. Ali okhaokha, osaimba. Ndakhota, ndadzela njila ya kuseli. Manyazi andigwila, ndisaname.

Chiwelu

Lelo khasu ndalisiya. Ndavala jekete, ndayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti mailo abwele, abusa akangopita adzatayikenso ngati afuna.

Mlembi: "Ndikaonekela m'chalichi mailo, malo anga pamzele atenga wina. Mwamaliza kudambo, wotsatila ndine."

A dikoni: "Nshawa, a mkulu. Nshawa sizidikila."

Amai Njobvu, amene munda wao tinaumaliza mailo ndi misana yathu: "Kubwelela msanga chotele, anthu anganene kuti ndinatayika dala."

A Sakala ati mizele ija tinawadulila akali kuiganizila. Aona pokolola ngati angakhululuke.

Ndamalizila kwa a Daka, chiyembekezo changa choyamba. Munda uli mbee, chimanga chikuseka. Andipatsa mpando womwe uja analozela chisoso. Ati, "Nanga kupalila kwachiŵili? Ndibwelele lomba, mwezi wamawa udzu ukamela adzandikumbuka ndani?"

Pamenepo ndapsa mtima. Ndaima pakati pa mudzi, ndalengeza kuti lamulo lasintha: kuyambila tsopano tizipalilila okhawo obwela ku chalichi. Anthu atuluka, amvetsela mwaulemu. Wina kumbuyo wati, "A mkulu ayamba kulankhula ngati andale a kampeni." Aseka, abwelela m'nyumba zao.

Masana tasesa m'chalichi ndi a Zuze. Ndati tichotseko mabenchi ena tikabise kuseli, kuti opanda anthu asachuluke. Tanyamula, tanyamula. A Zuze afunsa kuti tilekele pati. Ndayang'ana, ndati tiyeni tipitilize.

Pafupi ndi chitseko pali njelwa imene ili ndi zala za atate, anaigwila isanaume. Ndaikapo dzanja langa. Ndili ndi mantha, ndipo sindikudziwa kuti mailo ndidzati chiyani.

Kunyumba amake Dailesi akudya ndi nsonga za zala. M'manja monse matuza.

Sondo

A Zuze aliza belu mpaka mkono watopa, asinthila wina. Kuchigayo jeneleta yayankha.

Abusa afika panjinga yamoto, matope mpaka m'maondo. Alowa, ayang'ana mabenchi, ayang'ana pawindo pamene ena aunjikana kuseli. Mbali ya amuna: ine ndi a Zuze. Mbali ya azimai: nkhuku ija.

Tikuti tiyambe, chitseko chalila. Amake Dailesi, bulauzi yoyela yosita, duku ya mpingo kumutu. Akhala okha pakati pa benchi. Nyimbo aimba mavesi onse, mokweza, ngati kumbuyo kwao kuli azimai odzaza nyumba, buku ali chigwilile ndi nsonga za zala. Ine sindinaimbe nao.

Titatha abusa afunsa kuti anthu ali kuti. Ndawauza zonse, kuyambila kwa a Daka mpaka kudambo, ndi mbiya yomwe. Aseka mpaka avula magalasi. Kenako aleka kuseka, akulunga zikho za Mgonelo m'nsalu yake, azimanga kumbuyo kwa njinga. Ati tikakolola mwina adzabwela kudzaonanso, koma sakulonjeza. Kiyi andisiyila, kuti mbuzi zisamalowe.

Ponyamuka, mudzi wonse unali m'makomo, otayika onse ovala bwino, akuwagwadila abusa ndi kuwafunila ulendo wabwino.

A Zuze ayang'ana chakumtsinje. Ati, "Kutsidya ine sindingafike ndi mwendo uwu. Ndiye kuti nanenso ndatayika. Adzandipalilila ndani?" Sindikudziwa ngati amaseka. Sabata yonse anali m'minda ya eni, wao sanaupondemo.

Amake Dailesi aima pachitseko, agwila njelwa ija. "Lelo ndabwela chifukwa cha atate anu amene anaumba izi, osati inu. Kuyambila mailo ndine wotayika. Munda wanga mukuudziwa."

Ndakhoma chitseko, kiyi ndaika m'thumba. Mailo tilowa m'munda wa amake Dailesi, ukatha wa a Zuze. Mbiya sipakhala, nyimbo sitiimba.

Panjila ndawafunsa ngati udzu ukatha adzabwelela. Ati tiona mmene kuchele.