Komiti Yoteteza Nthiti za Abambo

M'mudzi wina umene dzina lake sitilitchula, poopa kuti midzi yoyandikana nawo ingachite nsanje, munali abambo olemekezeka amene ankakhulupirira kuti dzanja linalengedwa ndi ntchito ziwiri: la mwamuna lomenyera, la mkazi lotchinjirizira kumaso. Chiphunzitsochi sichinalembedwe paliponse, koma chinkasungidwa mokhulupirika kuposa malamulo khumi aja.

Katswiri wa chiphunzitsochi anali a Lufeyo Kadzakumanja, bambo wa mimba yotsogola, amene ntchito yawo yeniyeni palibe ankaidziwa. M'mawa ankakhala pabawo, masana n'kubwerera kunyumba kukafufuza zolakwa. Ndipo zolakwa sizinkasowa. Mchere ukachuluka m'ndiwo, mkazi wawo Nangondo ankalandira khofi. Ukachepa, khofi lomwelo. Tsiku lina mchere unakwanira bwinobwino, a Lufeyo anamumenyabe, akumufunsa kuti masiku ena onsewa ankalakwitsiranji dala. Ankhoswe atamva anagwedeza mitu mwanzeru, nanena kuti banja ndi kupirira, komanso kumenya ndi mankhwala a banja. Nangondo anamwa mankhwalawo mpaka khutu lakumanzere linasiya kumva bwino.

Mudziwo unakhala pamtendere woterewu mpaka pamene Yotamu, mwini vidiyo ya pamsika, anabwera ndi mafilimu atsopano kuchokera ku boma. Vidiyo yakeyo inali chishedi cha malata akale ndi matumba, chokhala ndi mabenchi, kanema mmodzi, ndi chimkuzamawu chokoleka panja kuti odutsa azimva zimene akuphonya. Kwa zaka zambiri Yotamu ankaonetsa mafilimu a karate, amuna akuthyolana makosi, ndipo palibe anadandaulapo. Ana ankaonera, madikoni ankaonera. Koma atsopanowa anali ndi chilema chimodzi chachikulu: ekita, uja amene safa ngakhale amuzungulire ndi mfuti, anali mkazi.

Yoyamba inali ya kamayi kakafupi kogulitsa msuzi m'mbali mwa msewu, kamene kanagwetsa zigawenga zodzaza lole ndi chipande basi, msuzi osatayika ngakhale dontho. Ina inali ya mkwatibwi amene anasasantha achifwamba pa ukwati wake womwe, dzanja limodzi litanyamula keke. Inanso inali ya mayi wochapa zovala amene ankamanga amuna atatuatatu ndi nsalu yonyowa, n'kuwayanika pachingwe. Womasulira m'Chichewa, amene mawu ake amajambulidwa pamwamba pa a eni filimu, ankathirako zake. Mwamuna akagwa chagada, iye ankafunsa mwaulemu ngati achimwene agona kale. Amayi ankachoka kumjigo ndi kuchigayo n'kudzaza mabenchi. Ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje, ndipo phwete lawo linkamveka mpaka pabawo.

Phwetelo ndilo linawawa. Mwamuna wa m'mudzimo ankatha kupirira njala, dzino lobooka ndi apongozi, koma osati kuseka kwa mkazi kumene iye sakudziwa chiyambi chake. Nkhanga zinapangana kusanapse, choncho abambo anakumana kuseri kwa golosale, ndipo a Lufeyo anaimirira.

"Abambo anzanga, lero akuseka, mawa ayeserera. Chipande chili m'nyumba iliyonse. Kodi tidikire mpaka titaika maliro?"

Wina wa mutu wozizira anafunsa ngati alipo mwamuna amene wamenyedwa kale. Anayang'anana, panalibe. A Lufeyo anafotokoza kuti umenewo ndiwo umboni woti zinthu zafika poipa, chifukwa mdani amene sanayambe kumenya ndiye kuti akukonzekera mokwanira. Wofunsa uja anachita manyazi ndi umbuli wake, napepesa.

Tsiku lomwelo panabadwa Komiti Yoteteza Ulemu, Nthiti ndi Mano a Abambo. A Lufeyo anadzipereka kukhala Wapampando Wamuyaya. Panasankhidwa Wachiwiri kwa Wapampando Woona za Mateche Ouluka, Mkulu wa Nthambi ya Zibakera, ndi Mneneri. Maudindo anachuluka kuposa anthu, moti ena anasenza awiriawiri. Poyamba komiti inaganiza zolanda zipande zonse m'mudzimo, koma inakumbukira kuti madzulo idzafuna kudya. Inangolamula zinthu ziwiri. Mkazi asapondenso pakhomo la vidiyo, ndipo filimu iliyonse ya ekita wamkazi iunikidwe ndi komiti kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kuti kuopsa kwake kuyezedwe. Chimkuzamawu chija anachitsitsa n'kuchilowetsa mkati, poti matenda ena amalowera m'khutu.

Yotamu analira kuti amuphera bizinesi. Koma atamva kuti ounika azilipira pakhomo ngati wina aliyense, chifukwa komiti yolemekezeka siilandira ziphuphu, anapukuta misozi nalandira udindo wa Mlangizi Wamkulu wa Zamagetsi.

Tsiku loyamba la ntchito a Lufeyo analowa atachita tsinya ngati munthu wokaona nkhope pamaliro. Kamayi ka chipande kataponya bwana wa zigawenga mumphika, panamveka phokoso kuchokera pabenchi ya a Wapampando. Amene analipo akuti kunali kuseka, koma Mneneri anatsutsa, nati kunali kutsokomola kwa mkwiyo. Filimu itatha, komiti inagwirizana kuti kuopsa kwake sikunaoneke bwino, ibwerezedwe. Inabwerezedwa mpaka batire linatha. M'mawa mwake ounika anafika Yotamu asanatsegule.

Pasanathe mwezi, mwamuna aliyense, wa mano ndi wopanda mano, anali atamva kuitana kwa udindo. Pabawo panayamba kugona mbuzi. Ounika ankalowa dzuwa likutuluka n'kutuluka dzuwa likulowa, maso ali psuu, makosi atauma. Ankatsutsana mwaukadaulo ngati theche la mkwatibwi linali loopsa kuposa chigongono cha mayi wochapa, ndipo pa nkhani imeneyi anthu awiri obadwa bere limodzi anasiya kupatsana moni. Woona za Mateche Ouluka anafuna kusonyeza anzake mmene theche limaulukira, kuti aliyense adziwe chopewa. Kuuluka anaulukadi, koma potera panavuta, ndipo anapita kuchipatala pa kabaza atagwira chiuno. Komiti inalengeza mwachisoni kuti ameneyo ndiye mwamuna woyamba kuvulazidwa ndi akazi a m'filimu, ndipo inaonjezera nthawi ya ntchito.

Kunyumba kunkachitika chinthu chimene komiti sinachione, poti maso ake anali pa mdani. A Lufeyo ankafika atatheratu, n'kudya chimene apeza osalawa n'komwe, n'kugwa pamphasa. Nthawi yofufuza zolakwa inasowa. Nangondo anayamba kuyenda khosi litawongoka. Ananenepako. Tsiku lina anadzidzimuka atadzimva akuimba potsuka mbale, chinthu chimene anachisiya chaka chimene anakwatiwa, ndipo anakondwa mpaka kuchita mantha ndi kukondwako. Kumjigo amayi ankayang'anana kumaso osapeza chotupa choti afunsane, n'kumangokamba za feteleza ndi sukulu za ana ngati anthu ena onse. Palibe amene ananena mokweza chimene chasintha, poopa kudzutsa zogona.

Koma mafilimu si mchenga, amatha. Yotamu anaonetsa onse amene anali nawo, nawabwereza mpaka ounika ankayankhula mawu womasulira asanawatchule. Mosafuna, komiti inavomera kuti ntchito yatha. Pamwambo wotsekera, Mneneri analengeza chipambano: chiletsereni mafilimuwa, palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene wamenyedwa ndi mkazi wake. Anthu anaomba m'manja. Palibe amene anali ndi mwano wokumbutsa kuti n'kale lomwe woteroyo kunalibe.

Masana a tsiku lotsatira a Lufeyo anali pakhonde, opanda chochita, manja akuyabwa. Nangondo anatuluka m'khitchini ndi chipande, akupita kukachitsuka. A Wapampando, amene tsopano anali katswiri woona zoopsa, anati wachigwira mwachipongwe ngati kamayi kaja. Nangondo anali asanakaonepo kamayiko, chifukwa masiku amene anzake ankapita ku vidiyo iye ankaopa kuchoka pakhomo. Anafunsa kuti kamayi kake kati. Funsolo linamutayitsa dzino. Apa ndipo zinadziwika kuti miyezi yonse ija a Lufeyo sanangotaya nthawi pabenchi, anatolapo luso: tsopano ankamenyanso ndi chigongono.

Nachanza, mnzake wa paubwana, ataona mlomo wotupawo kumjigo, anapsa mtima. Anamuuza kuti aphunzire theche limodzi lokha, iye amuphunzitsa, poti anaonera mafilimu aja asanaletsedwe ndipo akukumbukira pamene phazi limayenera kugunda.

"Uja wa m'filimu akamenya, filimu imatha, anthu n'kuomba m'manja," anatero Nangondo. "Nanga ine ndikamenya, ndikagona kuti? Ana ndiwasiyire ndani?"

Nachanza anangopitiriza kupopa madzi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nangondo anali atalawa miyezi ya mtendere, ndipo anadziwa bwino lomwe kumene mtenderewo unachokera. Tsiku la msika wa ku boma anagwira tambala wake, nakwera matola. Atagulitsa tambalayo anafunsa njira ya kwa anthu othira mafilimu m'mamemori, tizinthu tating'ono tija timene Yotamu amalowetsa m'makina ake. Anawauza kuti akufuna a akazi omenya amuna, aataliatali, makamaka aja a magawo ambiri osatha msanga. Wothirayo anayang'ana mlomo wotupa uja, nafunsa ngati mayi akukaonera okha. Nangondo anati ayi, amenewo ndi mankhwala a banja.

Atafika kunyumba anapeza a Lufeyo pakhonde, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali cholakwa chimene chatsala. Anagwada patali pang'ono, namasula mfundo ya chitenje.

"Bambo, ndapeza izi zikugulitsidwa poyera ku boma. Ndinaopa kuti zingagwe m'manja mwa amayi anzanga, ndiye ndati ndibwere nazo kwa eni ake ntchito."

A Wapampando analandira mamemoriwo ndi manja awiri. Anafunsa msanga ngati kamayi ka chipande kalimo. Ataona kuti afunsa mwadyera, anakonza kukhosi nanena kuti akungofuna kudziwa kukula kwa mdani. Komiti inaukitsidwa kwa akufa tsiku lomwelo, ndipo ngakhale Woona za Mateche Ouluka anafika akutsimphina ndi ndodo.

Kukhulupirika kotere sikukanatha kungopita osayamikidwa. Komiti inaitana mudzi wonse pabwalo la msika kuti ipatse Nangondo dzina la Mayi Wachitsanzo pa Chitetezo cha Abambo. Iye anaima kutsogolo ataphimba pakamwa ndi chitenje kubisa gweru la dzino lija, ndipo akuluakulu anayamikira manyazi a mkazi wolangidwa bwino. A Lufeyo anayankhula mimba itatsogola kuposa kale.

"Onani mkazi wanga. Wataya tambala wake kuti apulumutse ife. Umu ndi mmene mkazi amakhalira ukamulera bwino. Tsono amayi nonse ndikukulamulani: paliponse pamene mungapeze zoopsazi, bwerani nazo kwa ife. Tidzaziunika ngakhale zititengere moyo wathu wonse."

Amayi anayang'ana Nangondo, nayang'ana amuna awo, kenako anayang'anana okhaokha. Nachanza ndiye anayamba kuimba nthungululu, ndipo anzake anaipokera mpaka nkhunda zinathawa padenga la golosale. Abambo anakhudzidwa mtima kwambiri poona kuti akazi awo amawakonda chotere.

Chikhalire mudziwo, lamulo silinamveredwepo mwachangu ngati limeneli. Pa msika wotsatira matola a ku boma anadzaza amayi okhaokha, aliyense nkhuku m'khwapa. Amene mabala awo anali aakulu anatenga mbuzi. Pobwerera, mamemori anadzaza lichero, ndipo analitula pamaso pa komiti atagwada mwa mwambo. A Wapampando Wamuyaya analiyang'ana licherolo misozi ya udindo ikulengeza m'maso. Anati sankadziwa kuti mdani wachuluka chotere. Kupita kunyumba madzulo aliwonse kunali kutaya nthawi, choncho kuyambira tsikulo ounika onse azigonera ku vidiyo komweko mpaka mdani atatheratu. Anapempha abambo kuti alimbe mtima, akatsanzike mabanja awo.

Nangondo sanadikire kutumidwa. Anapinda mphasa ndi bulangete la amuna ake, nasenza pamutu mpaka pakhomo la vidiyo, pamene lamulo linkamuletsa kupitirira. Pamenepo anagwada, napereka katunduyo ndi manja awiri, nafunsa mwaulemu ngati abweretseretu jekete la nyengo yozizira. A Lufeyo, maso ali kale pa kanema, anati abweretse.

Unali mwezi wa Okutobala.