Bowo la pa geti la apongozi

Anzanga, ine kudzitama ndinasiya tsiku lina Loweruka, pamaso pa apongozi anga enieni.

Kuseri kwa nyumba yanga ku Kawale ndili ndi kashedi momwe ndimasungira makina osemera matabwa, aja oyendetsedwa ndi kompyuta. Si ntchito yanga, ndimangozikonda. Umajambula chinthu m'pulogalamu imodzi, n'kutumiza fayiloyo m'pulogalamu ina yomwe imauza makina poti adutse ndi kuya koti agobe. Ndinali nditasemapo timitanda ndi tizoikapo makiyi, moti ndinkadziona ngati injiniya wathunthu.

Bambo a mkazi wanga, a Nyirenda, ndi mkulu wa mpingo ku Area 25, munthu wosalankhulalankhula. Atamanga geti latsopano ananena kuti akufuna chikwangwani cha dzina lawo. Ine ndinalumphira nkhaniyo asanamalize n'komwe. Ndinawauza kuti asavutike ndi akalipentala, makina anga salakwitsa ngakhale ndi kakang'ono komwe, ndipo adzabwere adzaone okha. Tiwonge, mkazi wangayo, anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma pakamwa panali patatseguka kale.

Anabweradi, atavala jekete, thabwa la mbawa lili m'khwapa. Anati analitenga kwawo ku Rumphi kalekale, ndipo ankalisungira ntchito yabwino. Ndinawapatsa mpando pakhomo pa shedi, amayi, akazi awo, ndi Tiwonge ataima kumbuyo kwawo.

Chojambulacho ndinali nditachikonza bwino, mainchi makumi awiri m'litali, zilembo zonenepa. Ndinachisamutsa, n'kulemba kuti kuya kukhale 4, kutanthauza mamilimita. Kachenjezo kena kanatuluka pa sikirini, ine ndinangokadina osawerenga. Munthu ungamawerenge timachenjezo apongozi akukuyang'ana? Ndinalengeza kuti ntchitoyi itenga ola lathunthu, choncho tiyi abwere.

Makina analira, kachitsulo kogobera kanapita pakona ya thabwa, kanavinavina pamenepo, basi n'kuima. Madzi a tiyi anali asanawire n'komwe. Pathabwa panali kadzenje ngati kachitsekero ka botolo. Pulogalamu yachiwiriyo imawerenga mamilimita, ndiye mainchi anga makumi awiri inawasandutsa mamilimita makumi awiri. Dzina lonse la Nyirenda linathera m'kadzenjeko.

A Nyirenda anavala magalasi, anawerama, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi mwamaliza, bambo a Chisomo?"

Munthu wanzeru akanavomera pomwepo. Ine ndinaseka ngati katswiri, n'kuwauza kuti kumeneko kunali kungotenthetsa makina, akatswiri onse amatero. Ndinatembenuza thabwa kuti kadzenjeko kabisale kunsi, ndinalimanganso, n'kusintha muyeso wa pulogalamu kuti ukhale wa mainchi. Dzina linadzaza sikirini yonse, lokongola zedi. Ndinawaitana kuti asendere pafupi, mbali yosangalatsa ndi imeneyi.

Chomwe ndinaiwala ndi 4 uja. Anakhalabe 4, koma tsopano anali mainchi anayi, pamene thabwalo kukhuthala kwake silinkafika ngakhale inchi imodzi.

Kachitsulo kanatsika pa N woyamba, ndipo sikanaime. Kanaboola mbawa, kanalowa m'thabwa lapansi, utsi unayamba kufuka, kenako thyo! Chidutswa chinakamenya lata la denga. Amayi anagwira chitenje kuthawira kukhitchini, nkhuku za aneba zili balala. Ine ndinayamba kudina mabatani onse kupatula lozimitsa, mpaka Tiwonge anangozula waya kukhoma.

Ndinamasula thabwa lija n'kulipereka kwa mwini wake. A Nyirenda analilandira, analitembenuza uku ndi uku, anaona kadzenje, anaona bowo lakuda ndi utsi. Kenako analikweza kumaso n'kundisuzumira pabowopo ndi diso limodzi.

"Musadandaule, bambo a Chisomo," anatero. "Ndikalikhomabe pa geti. Alendo sadziwa kuti pano ndi pa ndani, koma ine ndiziwaona asanagogode."

Ndinkayesa akucheza. Analikhomadi, n'kuboolanso geti kuti mabowo alingane. Lilipo mpaka lero, ndipo aliyense wofunsa amauzidwa kuti ndi ntchito ya mkamwini wawo wodziwa makompyuta. Ine ndikapita kumeneko ndimafika pa geti n'kupeza diso likundidikira.

Masiku ano fayilo iliyonse ndimayamba ndaiyesera pa thabwa lotola, chitseko cha shedi chili chokhoma. Ndipo wachibale akatchula chikwangwani, ndimamulozera bwinobwino njira ya kwa kalipentala.