Filimu imene apongozi anakwecha ndi phulusa

Mpaka lero munthu akatchula za ku Chikweo ndimasintha nkhani msangamsanga. Masiku amenewo ndinali kalaliki pa ofesi ina ku Balaka, tayi pakhosi, khadi lachipani m'thumba, matama osayamba. Mzungu wina pobwerera kwawo anandisiyira kamera, kabokosi kopukusa ndi dzanja, ndi filimu yodabwitsa. Ukajambula, unkaitsuka wekha m'kabokosimo nthawi yomweyo, n'kutuluka tizithunzi toonetsa pakhoma ndi kuwala. Tsiku lothera mphamvu lolembedwa papaketi linali litadutsa kalekale. Ndinaliona ndithu, koma ndinati masiku amenewa amalembera anthu amantha.

Ndinkafunsira Asiyatu wa ku Chikweo, ndipo mkulu wake Patuma ankamanga ndowa, ukwati wachisilamu. Amalume awo, Che Bwanali, anali ataitana wojambula wa ku Nsanama, kamunthu ka jekete lothothoka, kamene zithunzi zake zinkapita kotsukidwa ku Blantyre n'kudzabwera mkwatibwi ali ndi mwana kumsana.

"Mjomba, m'bwezeni ameneyu," ndinatero. "Zanga muziona lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

"Iyayi achimwene, ndowa sabwereza," anatero Che Bwanali. "Mwatsimikiza?"

Ndinatsimikiza. Wojambulayo anakwera njinga yake n'kumapita, ndipo ine ndinamujambula kumsana kuti tikamuseke ndi anzanga ku ofesi (mtima wanga unali wotero, musandifunse zambiri).

Ndinajambula zonse: shehe, mkwati ndi mkwatibwi, amayi akuvina, ngakhale mbuzi isanaphedwe. Kenako pansi pa mtengo wa mango, anthu atandizinga, ndinaika filimu ndi paketi ya mankhwala m'kabokosi n'kuyamba kupukusa monyada. Potulutsa, filimu inali yakuda bii, ngati yamatidwa phula. Mankhwala okalamba aja anakana kusupuka. Ndinakumbuka kuti mzungu uja anati zikatero uziiviika m'madzi n'kumasisita pang'onopang'ono ndi chala. Ndinapempha beseni.

Apa ndi pamene zinathina. Amayi ake a Asiyatu anamva kuti mlendo akufuna kutsuka chinthu yekha pakhomo pawo, anthu akuona. Anatuma azakhali a Asiyatu, amene anafika n'kugwada.

"Mlendo satsuka, bambo. Bweretsani kuno."

Ndisanatsegule pakamwa, filimu inali itapita kuseri kwa nyumba.

Tsono mukudziwa inu kuti mkamwini, ngakhale wongoyembekezera, sathamangira apongozi kuseri kwa nyumba, sawayang'ana kumaso, ndipo mawu ake amadzera mwa anthu. Ndinanong'oneza Che Bwanali kuti uthenga ukafike kwa apongozi: chonde asakweche. Iwo anayamba atsiriza kaye nkhani ya thonje ndi shehe, kenako anaitana akazi awo. Akazi awo anali ndi chipande m'manja, ndiye anapita kukasamba m'manja kaye. Ine chikhalire pamkeka, thukuta kamukamu, ndikumva kuseriko kuti kwe, kwe, kwe. Phokosolo ndinalidziwa. Linali la phulusa, mchenga ndi chinkhupule, zomwe amakwechera mapoto.

Filimu inabwera m'mbale yovindikira, mwaulemu wonse.

"Akuti inali ndi litsiro lambiri, koma yayera," anatero azakhali.

Inayeradi, mbee, munthu n'kumaonera kuseri. Shehe, mkwati, mkwatibwi ndi mbuzi yomwe, onse anapita ndi madzi aphulusa.

Che Bwanali anaikweza kudzuwa n'kuiyang'ana kuchokera kunsonga mpaka kunsonga. Pamalo pamene apongozi anatsina ndi chala pokwecha panali patatsala kachithunzi kamodzi kobiriwira. Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Uyu ndamudziwa," anatero. "Ndi uja mwam'bweza uja, pa njinga yake. Mwamujambula bwino, achimwene."

Palibe anaseka, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Patuma analira mpaka wanja, utoto wakuda wa m'maso, unayenderera m'masaya, chifukwa ukwati wake unatha wopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Asiyatu sanandiperekeze n'komwe. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Liwonde, ndipo ndimamva kuti chithunzi chawo, chojambulidwa ndi kamunthu ka ku Nsanama kaja, chikadali pakhoma osafwifwa.

Anzanga amati cholakwa chinali changa, kunyamula filimu yotha mphamvu kupita nayo paukwati wa eni. Ine ndimakanabe. Filimu ija ikanachira ndi chala chimodzi ndi madzi a m'beseni. Vuto ndi loti anthu a ku Chikweo amatsuka zinthu mopitirira muyeso, ndipo tsiku limenelo anatsukira pamodzi ndi ine.