Mkazi Wachiwiri wa a Albert

Aliyense ku Lozells, kuno kudziko la azungu, ankadziwa kuti malemu a Albert Chikaonda anali ndi akazi awiri: a Doreen, nesi amene anamanga nawo ukwati kutchalitchi, ndi mzungu wapakhoma.

Wapakhomayo chinali chithunzi chakalekale chojambula ndi penti, cha mayi wina wochita zisudzo, atavala diresi lotukumuka ngati tenti, dzanja limodzi lili pachifuwa. A Albert anachitola pamsika wa zinthu zakale ku Telford, n'kufikira kuchotsa chithunzi cha ukwati wawo pabalaza kuti mayiyo apeze malo. A Doreen sanaiwale zimenezo.

Mlendo asanalandire n'komwe tiyi, ankayamba wamva ulaliki wa a Albert.

"Taonani dzanjalo. Anthu akumuwombera m'manja, koma iyeyu mtima uli kwina. Nanga masowo? Akufunafuna munthu mmodzi m'gulu lonselo."

"Akufuna inuyo?" ankatero a Doreen ali kukhitchini.

"Amake Thandi, iyi ndi art."

"Art! Ine ndachoka ku shift miyendo itatupa, mwandifunsako kuti mtima wanga uli kuti?"

Nsanje inawadya a Doreen, zosabisa. Atachitembenuzira kukhoma, bambowo anati mtsikanayo wachita manyazi. Atachiphimba ndi chitenje, anati chamukhala. Tsiku lina a Doreen anakapotetsa tsitsi ngati la mayi uja, n'kukhala pansi pa chithunzicho, dzanja pachifuwa. A Albert anawayang'ana nthawi yaitali.

"Yayambanso heartburn ija?"

Sabata imeneyo a Albert anadziphikira okha.

A Albert atamwalira, amayi a mpingo anatulutsa mipando pabalaza n'kuyala zofunda pansi, monga timachitira kwathu. Thandi, mwana wawo, anagwira chithunzi cha mzungu chija, akufuna kukachitaya.

"Mum, shall I bin it?"

A Doreen anakweza maso. Zaka zonsezi anali asanachiyang'anitsitsepo. Maso aja ankafunafunadi munthu, ndipo iwonso anali ataswera zomwezo, kucheukira kukhomo aliyense akamalowa.

"Mutsitse, umukhazike apa," anatero akuloza pambali pawo. "Mwamuna tinkagawana, maliro ndilire ndekha?"

Amayi a mpingo aja anaseka, misozi ili mbwee.

Masiku ano pabalazapo pali zii. Tiyi amafika msanga, palibe womuchedwetsa, ndipo timamwa mosakoma. Chithunzi chija chinabwerera pamalo pake. A Doreen akaweruka kuntchito amaima patsogolo pake, chikwama chili m'manja.

"Musavutike n'kuyang'ana, anzanga. Sabweranso."