Tsiku lomwe ndinagwa ndi golo la boma

Mpaka lero ndikamadutsa pa Chiosya ndimatsitsa chipewa mpaka m'maso. Anthu amaganiza kuti ndikuthawa dzuwa. Ayi ndithu, ndi manyazi.

Nthawi ya kampeni anatilonjeza bwalo la mpira lamakono, la mpanda, mipando ndi zimbudzi zogejemula. Boma litatulutsa gawo loyamba la ndalama, kunasankhidwa komiti yoyang'anira ntchitoyo, ndipo ine, poti ndine mphunzitsi, anandipatsa ulembi. (Ndinavomera msanga nditamva kuti pamisonkhano pamakhala zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi.)

Malowo anali kutsidya kwa dambo, ndipo njinga yanga inali itaduka tcheni. Ndiye kontalakita wathu, bambo wamimba yake dzina lake a Zulu, ankangonditumizira zithunzi pafoni. Abale inu, kapinga wobiriwira, mipando ya simenti, ndi magetsi omwe! Atabwera ndi pepala loti ndisayine kuti ntchito ikuyenda, ndinasayina ndi cholembera chofiira chochongera mayeso, n'kuwonjezera ndemanga yoti, "Mwakhoza, pitirizani."

Patapita miyezi iwiri kunabwera mayi wina wa ku Lilongwe, wofufuza m'mene ntchito za boma zikuyendera. Anali wa magalasi, wosadziwa kuseka. Anayala zithunzi zija patebulo langa.

"Aphunzitsi, bwaloli munaliona ndi maso anu?"

"Kangapo konse, mayi," ndinanama osaphethira.

"Nanga mbendera ili kumbuyoyi ndi ya dziko liti?"

Ndinayang'anitsitsa. Yobiriwira, pakona pali nkhwazi. Ya Zambia! Kani a Zulu anakajambula bwalo la eni ake ku Chipata.

"Mwina inauluka ndi mphepo, mayi. Malire ali pafupi."

"Tiyeni tikaone," anatero.

M'galimoto ndinayesa kuimbira a Zulu, koma foni inali yozima. Titafika tinapeza mtedza wobzalidwa bwino m'mizere, mbuzi itamangiriridwa pamwala wa maziko, ndi golo limodzi la mitengo ya bulugama. Mayi wina amene ankapalira anaweramuka n'kutiuza mosabisa: "A Zulu anandibwereka malowa dzinja lino. Anati mpira uyamba tikakolola."

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo n'kupepesa. Ine ayi.

"Mayi, ntchito zikuluzikulu zimayamba chonchi. Taonani gololi, n'lolimba kwabasi."

Pofuna kutsimikiza, ndinavula jekete, n'kulumpha, n'kulendewera pamtengo wopingasa. Kani chiswe chinali chitamaliza kale zake. (Pabwalo lonselo, ndi chokhacho chomwe chinagwira ntchito mokhulupirika.) Ndinangomva "thyo!" Ndinagwa chagada pakati pa mizere, mtengo n'kunditsatira pamphumi, thalauza n'kung'ambika kuchokera kumbuyo mpaka pabondo.

Osewera a timu ya m'mudzi anali atatsatira galimoto ija, poganiza kuti yabweretsa mayunifolomu. Mmodzi anakuwa, "Chigoliii!" Onse anaseka, kupatula kaputeni wawo, bambo wa ana awiri amene ndinamuphunzitsa kale sitandade sikisi.

"Aphunzitsi," anatero, "ife chaka chonse tikusewera pamsewu, tikumapatukira ngolo. Inu n'kusayina kuti bwalo lilipo?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa bulugama uja.

Mayi wa magalasi anandijambula ndisanadzuke. "Ichi ndiye chithunzi choona choyamba cha ntchitoyi," anatero. Pobwerera ndinakhala kumbuyo, jekete nditamanga m'chiuno.

Gawo lachiwiri la ndalama analiimitsa, ine anandichotsa m'komiti, ndipo a Zulu akufunidwabe. Ena akuti anawaona kutsidya kwa malire akugulitsa zitenje.

Ndinalumbira kuti sindidzasayinanso kanthu ndisanakaone. Moti mwezi watha kutchalitchi anandisankha kuti ndiziyang'anira ntchito yomanga holo, ndipo ndauza aliyense kuti ulendo uno ndikafika ndekha. Akuti makoma afika pazenera. Ndipita ndithu. Mwina Loweruka.