Chasisi ya Galimoto ya Bambo

Lolemba
Mkulu wa boma walengeza pamsonkhano kuti milatho yonse ya njira ya ku Majaua yamangidwanso ndi simenti, magalimoto ayambe kuyenda. Ndaganiza zodzutsa pikapu ya malemu bambo, imene tinabisa m'nsungwi pothawa nkhondo kupita ku Malawi. Izinyamula chimanga kupita ku Muloza ngati kale.

Lachiwiri
Ilipo! Kunena zoona, ilipo injini ndi chiwongolero. Zina zinasamuka. A Jusa, okonza magalimoto, akuti: "Mwanawe, pikapu izi zinatuluka mibadwo itatu. Zipangizo sizilowana. Bweretsa nambala ya pa chasisi, zilembo zoyambazo ndizo zimanena m'badwo."
Chasisi, zitsulo zazitali zimene thupi la galimoto limakhalapo, palibe.

Lachitatu
Zomwe ndapeza pofufuza:
chitseko, pa khola la nkhuku la a Fulorinda;
limu ya tayala, ndiye belu la kutchalitchi;
mpando, a katekisiti akuweruzirapo milandu ya mabanja;
matayala, theka la mudzi lavala kumapazi.
Aliyense akuti: "Tinkangokusungirani."

Lachinayi
Mwina nyali zingatiuze m'badwo. Amalume akuti zinali zozungulira. Amayi akuti zamakona: "Achimwene, inu munkakwera kumbuyo ndi mbuzi, nyali munaziona liti?" Sakuyankhulana.
Ine ndikukumbukira fungo la dizilo pa malaya a bambo, ndi hutala imene ankaliza akafika pa mtengo wa mango. Ku kampu ya othawa nkhondo anamwalira kiyi ali m'thumba. Nyali sindikuzikumbukira.

Lachisanu
Chasisi yapezeka. Ndakhala ndikuipondaponda chibwerereni! Yagona pa kamtsinje ka kuchigayo, ayalapo matabwa.

Loweruka
Ndalowa m'madzi mpaka m'chiuno, ndapala dzimbiri ndi mpeni. Zilembo zaoneka, m'badwo woyamba, wa nyali zozungulira. Amalume apambana, akuyenda monyada. A Jusa akuti zipangizo zake zingapezeke ku Limbe, bola chasisi ibwere ku galaja.
Ndili pansipo, pamutu panga padutsa amayi a matumba a chimanga, ana a sukulu, njinga yonyamula wodwala. A Fulorinda asuzumira: "Mukaichotsa, muzitibereka ndinu?"

Lamulungu
Limu yalira, ndapita kukapemphera. Kulira kwake sikoipa. Kiyi ndamupachika pa msomali. Bambo ankanyamula anthu ulere, amayi n'kumakalipa, ndipo mpaka lero pikapu sinasiye khalidwe lakelo.
Pobwerera ndawoloka pa mlatho wathu. Simenti palibe ngakhale supuni imodzi.