Tsiku limene thumba la mtedza linandilanda mwamuna

Mpaka lero amayi a kutchalitchi kwathu kwa Dzoole akandiona amafunsa kuti, "Mkazi mnzanu uja wadzuka bwanji?" Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani. Mkazi mnzangayo ndi thumba la mtedza.

Amuna anga, a Banda, chisiyireni kulima fodya chifukwa cha bondo, anasanduka munthu wa pakhonde, wongowerenga nkhuku. Mkamwini wathu atawapatsa kanjinga kamoto konga kaja amayendera alangizi, kotalika miyendo ngati kakowa, bambo anatsitsimuka. Itamveka nkhani yoti amayife tikagona kum'bindikiro kumapiri a Ntchisi, m'mwezi wachisanu, iwo anati, "AnaPhiri, inu za lole ayi. Ndikakutulani ndine, ndi tenti yomwe." Tentiyo tinabwereka kwa mwana wathu wa kutauni.

Koma kanjingako kanalibe pomanga katundu. Ndiye anatenga zitsulo za bedi lathu lakale (bedi limene ndinalererapo ana anga onse, analiphwasula osandipempha n'komwe), nsungwi, waya ndi malegeni, n'kukhoma kaliyala: mapiko awiri m'mbali ndi kathandala kumbuyo. Masiku onsewo ankagwira ntchito akuimba mluzu. Mluzu umenewo ndinali nditauiwala. Mumtima ndinalumbira kuti kaliyala ameneyu, kaya apindike bwanji, pakamwa panga sipadzatuluka chonyoza, kuopa kuwabwezera pakhonde.

M'mawa wa ulendo anayeza katundu m'manja ngati akugula fodya. Tenti kumanja, ndowa ndi mabulangete kumanzere, matilesi pakathandala.

"Zakwana izi. Musawonjezepo ngakhale singano."

"Ndamva, bambo."

Kumva ndinamvadi. Koma munthu ungadutse kwa Msakambewa osalonjera achemwali ako? Potsanzika, achemwali anatulutsa maungu awiri, akuluakulu ngati mitsuko. A Banda anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana maungu. Mphatso imakanidwa kodi? Ukakana lero, mawa ukadwala adzakuzonda ndani? Tinamanga.

Ku Nachisaka (njira sidzera kumeneko, ndinakhotetsa ndine) alamu anga, mlongo wawo wa a Banda, anali atangokolola mtedza. Anakoka thumba lathunthu, n'kundigwirira ndi tambala.

"Achemwali, njinga yadzaza. Tidzatenga pobwerera," anatero a Banda.

"Chabwino achimwene," alamu anayankha, diso lili pa ine.

A Banda anakwera, kuvala chipewa chawo cholimba chija, n'kuliza injini. Dziwani kuti khosi lawo silitembenuka, ndipo galasi la njingayo ndinali nditalichotsa kale, ndimapesera tsitsi kunyumba. Ine ndi alamu tinakulunga thumba m'chitenje changa, kulikhazika pampando potsamira msana wawo, n'kulimanga ndi legeni. Ine ndinakwera pamatilesi, chammbali monga mayi waulemu, tambala m'khwapa.

"Mwakhala bwino?"

"Ndakhala ngati kunyumba. Tiyeni."

Pachidikha zinayenda. Titayamba chitunda chomaliza cha ku Ntchisi, njinga inayamba kulira ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Pansi panga ndinamva tswa. Ndinati ndi mawondo angawa. Kenako tayala linalowa m'kadzenje, thyoo! Ndinapezeka ndakhala pakati pa msewu, matilesi pansi, tambala m'khwapa, duku osasuntha. Njinga itapepukidwa inathamanga ngati yaona njoka, ndipo ndinamva a Banda akukuwa ndi chimwemwe, "Mwaona anaPhiri! Mwaona mphamvu zake!"

Ndinaitana. Tambala naye anaitana. Fumbi lokha ndilo linatiyankha.

Za kutsogoloko anandifotokozera ndi amayi anzanga, amene lole inali itawatula kale. Akuti a Banda anaima pabwalo la tchalitchi monyadira, n'kusisita thumba kumbuyo. "Tsikani mayi, tafika." Thumba zii. "Mwagona kodi?" Mpamene mayi wina anafunsa kuti, "A Banda, mwakwatira liti wina osatiitana?"

Anandipeza ndikukwera chitunda, matilesi pamutu, tambala m'khwapa, zitsulo za bedi langa m'manja. Anatsika njinga osaimika bwino, akutsimphina. Anandigwira mikono, kundigwira mutu.

"Mwavulala pati? Nenani, pati?"

"Palibe. Matilesi anandilandira."

Kenako anaona zitsulo zothyokazo, nkhope yonse n'kugwa. "Ntchito ya manja anga ikanakuphani. Ndakalamba ine. Tikafika kwathu ndikataya zonsezi kudzala."

Apo ndiye mtima unandipweteka kuposa matako (wolembawe usachotse mawuwo, ndi mmene zinalili). Ndinati, "Bambo, kathandala munakhomera matilesi kapena nkhalamba yonenepa ndi tambala wake? Tenti yagwa?"

"Ayi."

"Ndowa? Maungu mudakana aja?"

"Zonse zafika."

"Ndiye chalakwa ndi kaliyala kapena mkazi wosamva?"

Anayang'ana tambala. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. "Komatu ndinadabwa," anatero akupukuta misozi, "chitunda chonse chija kulankhula ine ndekha, osanditsutsa ngakhale kamodzi. Ndinati m'bindikiro wayamba kale kugwira ntchito."

"Nanga munaliuza zotani thumbalo?"

"Mawu okoma. Ena oti sindinakuuzeni chikwatirane."

"Ndiuzenitu tsopano."

"Munachoka pamalo panu nokha. Kafunseni mtedza."

Tenti tinagonamo amayi anayi, mtedza tinakazinga, ndipo ndinatafuna mkazi mnzanga popanda chisoni. Tambala sanabwerere.

Titafika kunyumba mluzu unayambiranso. Kaliyala watsopano anakawotcheretsa ndi zitsulo za wilibala, galasi analilanda n'kulibwezera pamalo pake. Masiku ano tikamayenda, pakapita kamtunda amatambasula dzanja kumbuyo n'kunditsina pabondo, ndipo ndikapanda kukalipa amaimitsa njinga. Lamulo la singano likadalipo, ndipo ndimalilemekeza kwambiri. Sabata yatha tinali kwa achemwali kwa Msakambewa. Kadzungu kake kanali kakang'ono, ndinakabereka kumsana.